Kiyibodi, mausi kapena padi: kusankha chowongolera pa gemu ya sitima zapamadzi

Anyamata ambiri kuno ku Mangochi amene ayamba magemu oyendetsa sitima zapamadzi achokera ku mpira wa FIFA kapena ku mipikisano ya magalimoto. Manja awo anazolowera padi, chida chija cha mabatani chogwira ndi manja awiri posewera, ndiye funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Ndigule padi yanji?" Funso limeneli labwera msanga. Sitima ili ndi khalidwe lakelake, ndipo zala zimene zimagoletsa zigoli pa mpira zikhoza kukuombetsani doko tsiku lonse. Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi kompyuta kapena laputopu ya Windows, amene akufuna kudziwa choti ayambire, choti agule ndalama ikapezeka, ndi choti angochionera pa intaneti n'kuchisiya komweko.

1. Yambani mwadziwa zimene sitima imafuna m'manja mwanu

Woyendetsa sitima amalamulira zinthu ziwiri zazikulu: moto wa injini, ndi tsigiro, chitsulo chaphanthiphanthi chija chimene chimakhala m'madzi kuseri kwa propela. Zonse ziwirizi amaziika pamalo n'kuzisiya. Akaika moto pa theka, umakhala pa theka mpaka adzasinthe yekha, kaya papita mphindi 5 kaya maola 5. Akaika tsigiro pa madigiri 10 kumanja, limakhala pomwepo, sitima n'kumakhota pang'onopang'ono.

Sitima ilibe bureki. Pofuna kuima mumachotsa moto, kuika rivesi, kenako n'kudikira. Amene munaimako pa doko la Monkey Bay Ilala ikufika mukudziwa kuti phokoso la injini limatsika sitimayo idakali patali, ndipo mamita omalizawo imachita kukwawa. Chonsecho Ilala ndi ya mamita 52 okha. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay komweko, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathuyi kuyambira 1951. Za m'magemuzi zina ndi za mamita 300 mpaka 400. Malamulo a IMO, bungwe loona za sitima zapamadzi padziko lonse, amalola kuti sitima yaikulu imene ili pa liwiro lonse iyende mtunda wofika kutalika kwake maulendo 15 isanaimiretu, rivesi yonse ili mkati. Ya mamita 300 ndiye kuti ikhoza kudya makilomita 4 ndi theka.

Tsigiro nalonso silithamanga. Pa sitima zambiri limafika madigiri 35 mbali iliyonse, ndipo lamulo la SOLAS, pangano la mayiko loona za chitetezo panyanja, limangofuna kuti lichoke pa 35 mbali ino kukafika pa 30 mbali inayo pasanathe masekondi 28. Chala chanu chimakankha analogi, kandodo ka pa padi kaja, kuchoka uku kufika uko musanaphethire n'komwe, koma gemu yabwino imatsanzira kuchedwa kwa chitsulo chenicheni, moti changu cha zala sichikupindulirani kanthu.

Pali zina ziwiri zimene zimasokoneza ongoyamba. Tsigiro limagwira pokhapokha madzi akuliwomba, ndiye mukazimitsa moto sitima ikungoyandama, mungapotoze bwanji chiwongolero siimva. Chinanso, pokhota ndi mbuyo imene imaponyedwa kunja. Kayang'aneni boti la injini la asodzi likamachoka padoko ku Makawa kapena ku Chembe: mutu ukaloza kumanzere, mbuyo imasesa kumanja, ndipo woyendetsa amayamba waona kuti kumeneko kulibe bwato la mnzake.

Zida zonse zimene mungagwire zili m'magulu atatu. Batani la pa kiyibodi limadziwa kudinidwa ndi kusiyidwa basi, pakati palibe. Analogi ya padi ndi R2, chokoka cha kumbuyo kwa padi kudzanja lamanja, zimadziwa pakati, koma zili ndi sipuling'i, mukangochotsa chala zimabwerera. Handulo ya moto ya pa joystick, chida cha ndodo cha magemu a ndege, imadziwa pakati ndipo imakhala pamene mwaisiya. Gulu lachitatuli ndi limene limafanana ndi za m'sitima yeniyeni. Choncho chimene mukufunafuna ndi chida chokhala pamene mwachisiya, kapena njira yochititsa chida chimene muli nacho kale kuti chizitero.

2. Onani gemu imene muli nayo ndi sitima imene mumakonda

Magemuwa si amodzi. Ship Simulator Extremes, ya kampani ya VSTEP ya ku Rotterdam, inatuluka mu 2010, ndipo poti ndi yakale imayenda pa malaputopu ambiri ogwirapo kale ntchito amene timagula kunoku. M'menemo ntchito ndi kukocheza, kukoka sitima zina ndi kupulumutsa anthu. Apa ndi pamene handulo ndi analogi zimaonetsa phindu lake.

World of Warships, ya 2015, ndi ya nkhondo. Kukopera n'kwaulere, koma siyenda popanda intaneti ndipo bandulo imaidya zedi. Pa kompyuta, W ndi S amasintha moto m'masitepe: kota, theka, makota atatu, wonse. A ndi D amakhotetsa, pamene Q ndi E amaika tsigiro n'kulisiya pomwepo. Kuwombera ndi kwa mausi. Eni gemuyi anathana nalo kale vuto la chida chokhala pamalo, ndiye musataye ndalama pa padi chifukwa cha iyoyi. Ya padi ndi mbale wake, World of Warships: Legends, ya pa PlayStation ndi Xbox.

Fishing: Barents Sea ya 2018 ndi Fishing: North Atlantic ya 2020, za kampani ya Misc Games ya ku Norway, zimatikomera ife a kunyanja chifukwa ntchito yake timaidziwa: kutchera, kuvuula, kutumbula nsomba, kukagulitsa. Koma nthawi yambiri mumakhala pa mapu ndi pamsika, malo a mausi okhaokha. Sailwind ndi ya ngalawa za matanga, kumene ntchito ndi kukoka ndi kumasula zingwe, ndipo chogwira zingwezo ndi mausi yomweyo.

Mtundu wa sitima nawonso uli ndi mawu. Chisitima cha katundu cha propela imodzi chimachedwa kwambiri moti kiyibodi imakwana ndithu. Sitima ya injini ziwiri imatembenuka pamalo amodzi mukaika injini ina kutsogolo ina rivesi, ndiye imafuna zowongolera ziwiri zosiyana. Ma tug, tisitima tokoka zinzake padoko, ambiri ali ndi mapropela ozungulira madigiri 360, ndipo amenewa pa kiyibodi ndi mutu wowawa. Boti la liwiro lokha ndi limene limamva padi monga galimoto.

3. Konzani kiyibodi ndi mausi musanagule china chilichonse

Izi muli nazo kale, ndipo ngakhale mutadzagula zida zodula, mausi sidzachoka patebulo. Mapu, radar, zingwe zomangira padoko ndi nangula, zonsezi m'magemu ambiri a pa kompyuta n'zodina ndi mausi.

Lowani mu Options, pitani pa Controls, mulembe papepala batani lililonse ndi ntchito yake. Pepalalo limateni pakhoma kuseri kwa sikirini. Kenako fufuzani ngati gemu ili ndi posankha kuti tsigiro ndi moto zizibwerera pakati mukasiya batani kapena zizikhala pomwepo. Sankhani zokhala pomwepo. Anthu ambiri amene amadandaula kuti kiyibodi ndi yosathandiza sanatsegulepo tsamba limeneli.

Ngati gemu ikulola kusintha mabatani, gwiritsani ntchito manambala a kudzanja lamanja la kiyibodi, chifukwa anayalidwa bwino moti dzanja limodzi limakwanira. Ine ndimawaika motere: 7 ndi 1 kuwonjezera ndi kuchepetsa moto wa injini yakumanzere, 9 ndi 3 ya kumanja, 8 ndi 2 zonse pamodzi, 4 ndi 6 tsigiro, 5 kubweza tsigiro pakati, 0 kuchotsa moto wonse. Mabatani awiri omalizawa ndi amene amapulumutsa sitima, musawaiwale. Onetsetsani kuti Num Lock yayaka, apo ayi manambalawo asanduka mivi. Malaputopu ambiri a mainchesi 14 alibe mbali imeneyi. Mankhwala ake ndi kiyibodi wamba ya USB, yonga ya mu ofesi, imene ndi yotchipa kuposa padi yabwino iliyonse.

Podina, muzigogoda, osapanikiza. Gogodani kamodzi n'kuona pa sikirini kuti tsigiro lasuntha madigiri angati. Mukadziwa zimenezo muziwerenga: katatu kumanja, dikirani, katatu kubweza. Maso azikhala pa geji ya tsigiro ndi ya liwiro lokhotera, osati pamutu pa sitima, chifukwa mutu ukamayamba kuoneka kuti ukusuntha ndiye kuti mwachedwa kale.

Makiyibodi otchipa ali ndi kachilema kena: mukadina mabatani atatu nthawi imodzi, lachitatu nthawi zina silimveka. Tsegulani Notepad, panikizani awiri amene mumagwiritsa ntchito limodzi, mudine lachitatu. Likapanda kulembeka, sunthani ntchito yake muiike pa batani lina.

Mausi ili ndi mphamvu imene ambiri saiona. M'magemu amene amaonetsa mahandulo pa sikirini, mukhoza kugwira handulo ndi mausi, kuikoka pang'ono chabe, n'kuisiya, ndipo imakhala pomwepo. Pa kulondola palibe chida chotchipa choposa pamenepa. Vuto lake ndi lakuti pa sikirini kamuvi ka mausi n'kamodzi. Pokocheza mumafuna kutembenuza kamera, kuchepetsa moto ndi kuponya chingwe nthawi imodzimodziyo, ndipo mausi imachita chimodzi chokha. Gawani ntchito: dzanja lina pa manambala kuyendetsa sitima, lina pa mausi kuyang'ana ndi kumanga. Kogwiragwira ndi chala ka pa laputopu kaja kaiwaleni, pezani mausi ya chingwe.

4. Ngati muli ndi padi, iyeseni motere

Musanatsegule gemu, lumikizani padi, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani joy.cpl, mudine Enter. Patuluka kabokosi ka dzina la padi yanu. Dinani Properties. Muona kabwalo ka ngodya zinayi kokhala ndi kamtanda pakati. Zungulitsani analogi yakumanzere: kamtandako kafike m'ngodya zonse, ndipo mukasiya kabwerere pakati penipeni n'kukhala bata. Kakamanjenjemera kapena kukhala chakumbali, padiyo yatha mkati, ndipo pa gemu sitima izikhota yokha paulendo wautali inu mukudabwa kuti mphepo yachokera kuti.

Mapadi otchipa a USB ooneka ngati a PlayStation 2, onga a Ucom amene ali mbwee m'mashopu a mafoni, ali ndi kabatani ka Analog pakati. Kagetsi kofiira kakakhala kosayaka, analogi imagwira ntchito ngati mivi wamba, yonse kapena ayi. Kayatseni nthawi zonse mukalumikiza.

Tsopano nkhani imene imathetsa anthu nzeru. Windows ili ndi njira ziwiri zolankhulirana ndi padi. Yakale ndi DirectInput, yatsopano ndi XInput, imene inabwera ndi padi ya Xbox 360 mu 2005. Mapadi otchipa aja ndi ma joystick amalankhula DirectInput. Magemu ambiri atsopano amamva XInput. N'chifukwa chake padi imaoneka bwinobwino mu joy.cpl koma gemu n'kukhala ngati palibe chimene mwalumikiza. Ngati gemu yanu ili pa Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu, yatsani Steam Input mu masetingi a Controller, ndipo Steam imasulira yokha. Ngati siili pa Steam, kapulogalamu ka x360ce kamachititsa padi wamba kuoneka ngati ya Xbox. Ya PlayStation 4 imayenda kudzera pa Steam kapena pa DS4Windows. Timapulogalamu timeneti muzititenga kwa eni ake, osati pa fulashi ya mnzanu yodzaza ndi mavairasi. Padi ya Logitech F310 ili ndi kaswitchi kumsana kolembedwa X ndi D, kamene kamathetsa mkangano wonsewu ndi chala chimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimaikonda pa ntchito imeneyi.

Pali kamsampha kena pa padi ya Xbox. Gemu yakale ikamaiwerenga kudzera pa DirectInput, zokoka ziwiri zakumbuyo, zonga L2 ndi R2, zimawerengedwa ngati chinthu chimodzi, china kutsogolo china m'mbuyo. Simungaike injini yakumanzere pa china, ya kumanja pa chinzake.

Pogawa ntchito za mabatani, kanani chizolowezi cha magalimoto choika moto pa R2. Ulendo wina m'magemuwa umatenga theka la ola kapena kuposerapo, ndipo palibe chala chingagwire R2 pa theka nthawi yonseyo m'chitungu cha mu Okutobala, padi ikuterera ndi thukuta. Moto uikeni pa mivi ya padi, wa m'mwamba kuwonjezera, wa m'munsi kuchepetsa, kuti uzikwera m'masitepe n'kukhala. Analogi yakumanzere ikhale ya tsigiro, ya kumanja ya kamera. L2 ndi R2 zipatseni bow thruster, kapropela ka m'mbali kamene kamakankha mutu wa sitima pokocheza. Kameneka kamagwiritsidwa ntchito mwa kanthawi kochepa, ndiye sipuling'i ikuthandizani kuti musakaiwale kali koyaka. Dziwaninso kuti kamagwira sitima ikamayenda pang'onopang'ono, liwiro likakwera mphamvu yake imazilala.

Pomaliza pitani pa dead zone, kadera ka pakati kamene gemu imakanyalanyaza. Yambani pa 5 peresenti, muzikweza mpaka sitima itasiya kukhota yokha. Mukapitirira 20 isanasiye, vuto si masetingi, padiyo ikapume. Ngati pali posinthira sensitivity, tsitsani, kuti kukankha pang'ono kuzipereka madigiri ochepa.

Kwa ine padi imapambana pa zinthu ziwiri: kamera, ndi ma tug. Pa tug ya mapropela awiri ozungulira, analogi iliyonse imatenga propela yake, ndipo zimene zinali zosatheka pa kiyibodi zimayamba kumveka m'manja. Pa chisitima cha katundu, padi ndi yongokhalira bwino pampando, sikuti imayendetsa bwino kuposa manambala aja.

5. Yesani zonse pa doko limodzi

Panyanja yapakati chida chilichonse chimaoneka chabwino. Mayeso enieni ndi kukocheza. Sankhani sitima imodzi, doko limodzi, nyengo yabata. Yandikirani mopendekera, liwiro lisapitirire manoti 3, amene ndi makilomita 5 ndi theka pa ola, mayendedwe a munthu wofulumira. Noti imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Kochezani kangapo ndi kiyibodi ndi mausi, kangapo ndi padi. Mukatero bwerezani mutaika mphepo yowomba chammbali. Amene mumadziwa mwera wa mu Juni ndi Julayi simukufunika kuuzidwa zimene mphepo imachita ndi chombo chimene chachepetsa moto.

Chimene mukuyang'ana si kuti mwagunda kangati, koma kuti dzanja lasokonekera pati. Ngati sitima ikuyenda mokhotakhota, kumanja kenako kumanzere, vuto si chida. Mukuchedwa kubweza tsigiro, ndipo ngakhale mutagula zodula zichitikabe. Bwezani tsigiro sitima isanafike kumene mukufuna iloze. Ngati mukugunda chifukwa simunaone mbuyo, vuto ndi kamera, ndipo padi kapena kugawa bwino manja kuthetsa. Ngati simukudziwa kuti moto uli pati popanda kuyang'ana pa sikirini, kapena injini ziwiri zikukusokonezani, apo ndiye mwafika pofunika handulo.

6. Handulo, joystick ndi chiwongolero

Zida zimenezi anapangira magemu a ndege ndi a magalimoto, ife a sitima timangobwereka. Poyambira pabwino ndi joystick yokhala ndi kahandulo ka moto patsinde, monga Logitech Extreme 3D Pro kapena Thrustmaster T.16000M. Ndodo yaikuluyo ipatseni tsigiro, kuipotoza kukhale bow thruster, kahandulo kakhale moto. T.16000M imawerenga ndodo yake ndi maginito, choncho sichedwa kuyamba kunjenjemera ngati zida zimene zimakhulana mkati. Kahandulo ka zonse ziwirizi n'kakafupi, kusuntha pang'ono moto wasintha kwambiri, koma kamakhala pamene mwakasiya.

Wofuna za injini ziwiri ayang'ane throttle quadrant ya Logitech, imene kale inkadziwika ndi dzina la Saitek. Ili ndi mahandulo atatu: lakumanzere injini yakumanzere, lapakati injini ya kumanja, lachitatu bow thruster kapena tsigiro. Pa zida zonse zogula, ichi ndi chimene chimasintha kwambiri kakomedwe ka gemu ya sitima, kuposa padi ya mtengo uliwonse.

Pali chinthu chimodzi choti muchite musanasewere. Handulo ya ndege imayambira pansi, pamene palibe moto, kukafika pamwamba. Ya sitima ziro wake ali pakati: pamwamba ndi kutsogolo, pansi ndi rivesi yonse. Handulo yanuyo pakatipo palibe pogwira. Tsegulani joy.cpl, sunthani handulo mpaka mzere wake ufike pakati penipeni, dulani kachidutswa ka tepi yoyera mumate m'mbali mwake, mulembepo mzere ndi cholembera. Ena amamata kamtengo ka machesi pansi pa tepiyo kuti chala chizikamva osayang'ana. Kenako ikani dead zone yokulirapo pa handuloyo kuti pakati pakhale potakasuka. Ndipo nthawi zonse musanayambe ulendo, bwezani handulo pa mzerewo. Mukaiwala ili pansi, gemu ikangotseguka sitima iyamba rivesi yonse idakali yomangidwa padoko.

Ngati mukukankha handulo kutsogolo sitima n'kumabwerera m'mbuyo, chongani pa Invert pafupi ndi dzina la handuloyo pa tsamba la Controls la gemu.

Chiwongolero cha magemu a magalimoto, monga Logitech G29 chimene chimazungulira madigiri 900, chimaoneka ngati ndicho choyenera sitima. Ngati muli nacho kale, chigwiritseni ntchito, koma zimitsani mphamvu yobweza pakati mu pulogalamu ya G HUB kuti chizikhala pamene mwachisiya. Zopondera zake zili ndi sipuling'i, sizithandiza pa moto. Kuchigulira gemu ya sitima yokha n'kuwononga ndalama. Chinanso, chimafuna magetsi a pakhoma, pamene kiyibodi, mausi, padi ya chingwe ndi joystick zimadya moto wa laputopu, moti magetsi akathima ulendo umapitirira mpaka batire ithe.

Kwa amene mumatha kuwotcherera mawaya, kapena muli ndi mnzanu wokonza mawailesi ndi mafoni pamsika, handulo mukhoza kupanga nokha. Pamafunika kabolodi ka Arduino Leonardo kapena Pro Micro, chifukwa timeneti kompyuta imatha kutiona ngati joystick, zimene Arduino Uno sichita mosavuta. Onjezani potentiometer ya 10k, yonga yokwezera mawu pa wailesi koma ya mtundu wa linear. Ili ndi miyendo itatu: wina ku 5V, wina ku GND, wapakati ku A0. Handulo yake akhoza kukusemerani kalipentala, bokosi n'kukhala la pulayi. Pulogalamu yoika m'kabolodiko, ya Arduino Joystick Library, ndi yaulere.

7. Pogula ndi posamala

Pano pa boma ndi ku Monkey Bay mupeza makiyibodi, mausi ndi mapadi wamba. Joystick ndi mahandulo nthawi zambiri n'zoitanitsa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kwa achibale a ku Joni. Zonsezi n'zochokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake sikhazikika, ndiye funsani malo awiri atatu.

Pokagula padi tengani laputopu, muyese mu joy.cpl wogulitsa akuona. Dinani batani lililonse, gwedezani chingwe pamene chalowera m'padi muone ngati ikuduka. Wokana kuti muyese, musiyireni katundu wake. Ngati mukuitanitsa kutali, wogulitsayo ayambe wakutumizirani kavidiyo pa WhatsApp koonetsa kamtanda kaja kakuyenda ndi kubwerera pakati, kenako ndiye mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Mapadi ambiri olembedwa mayina akuluakulu koma otchipa modabwitsa ndi achinyengo, ndipo chimayamba kufa ndi analogi, chimene inu mukuchifuna kwambiri. Sankhani za chingwe. Zopanda chingwe zimafuna mabatire kapena kutchaja, ndipo zimathera pakati pa ulendo.

Adani a zidazi kuno ndi mchenga, fumbi ndi thukuta. Mchenga ukalowa pansi pa analogi umapala mkati, n'kuyamba kunjenjemera kuja. Sambani m'manja musanagwire, makamaka mukachoka kunyanja kapena mwangodya kumene usipa wokazinga, ndipo mukamaliza fundikani zonse ndi kansalu. Zinyenyeswa za chakudya m'kiyibodi zimaitana nyerere. Potsuka gwiritsani ntchito kathonje konyowetsa ndi isopropyl alcohol, chida chili chosalumikiza, ndipo mudikire chiume. Mafuta ophikira kapena a njinga musayerekeze, amagwira fumbi n'kupanga phala mkati.

Ngati laputopu ili ndi mabowo a USB awiri okha, gulani hub, kabokosi kochulukitsa mabowowo, kuti musamazule ndi kulowetsa tsiku lililonse mpaka bowo litakhwepa. Chida chilichonse chizikhala ndi bowo lake losasintha, ndipo muzilumikiza zonse musanatsegule gemu, chifukwa magemu akale ena saona chida chimene chabwera gemu itayamba kale, ndipo ena amasokoneza masetingi mukasinthanitsa mabowo. Mukamaliza kukonza zonse mmene mukufunira, jambulani tsamba la Controls ndi foni. Tsiku limene laputopu idzapite kokaikidwa Windows yatsopano, mudzabwezeretsa zonse poonera zithunzizo.